Loko wa pabokosi la zipolopolo wandidyera Loweruka lonse

Mabokosi onse atatu ndakhoma tsopano, koma ndikulemba zala zikadali ndi penti ndipo mtima sunatsike. Ntchito yake ndi ya mphindi 20 pabokosi limodzi. Ine yanditengera kuyambira m'mawa mpaka mdima.

Ndimakhala ku South Bend, ku Indiana, ndipo anzanga akuntchito ndi amene anandilowetsa m'zosaka agwape mu November. Mfuti ili m'sefa yakeyake. Zipolopolo ndimasunga padera, m'mabokosi achitsulo obiriwira aja otsala kwa asilikali a ku America, otchedwa M2A1, ambiri amangoti 50 cal. Ndi abwino zedi, chivundikiro chili ndi labala moti chinyezi sichilowa. Vuto lake, alibe pokolekera loko. Sabata yatha ndinapeza mwana wanga wazaka 6 atatsegula limodzi m'galaja, akuti amafuna misomali. Amayi ake sanayankhule kanthu. Anangondiyang'ana.

Chofunika ndi kabawuti kokhala ndi bowo kumutu, nati, mawashala ndi kamphira kozungulira. Amagulitsa zonse pamodzi pa intaneti, ine ndinalipira madola 10 paketi imodzi. Mumaboola khoma lakutsogolo la bokosi, kabawuti n'kutulukira pabowo la chotsekera, kachitsulo kakutsogolo kamene kamagwira chivundikiro, loko n'kulowa pamutu pake. Basi.

Koma abale anga, popita kukagula loko, kabawutiko muike m'thumba. Ine ndinakasiya patebulo. Ndinalowa m'sitolo ya zitsulo, n'kusankha maloko atatu akuluakulu, poganiza kuti wonenepa ndiye wolimba. Kufika kunyumba, sakulowa. Bowo la kabawuti kanga limalola chitsulo cha 1/4 inchi, ine ndagula cha 5/16. Kusiyana kwake n'kochepetsetsa, koma ngakhale mumenye ndi hamala sizitheka. Ndinabwerera. Pakauntala yobwezera katundu panali mzere ngati wa kuchigayo, ndinaima pafupifupi ola lathunthu. Nditafika, mtsikana wake akuti lisiti. Lisiti ndinalitaya pamodzi ndi jumbo. Akuti komanso mwadula paketi. Nanga pulasitiki wouma uja munthu angayeze bwanji loko osadula? Anaitana bwana wake, bwanayo anabwera akutafuna chingamu, n'kundiuza kuti ndalama sabweza. Madola 36 anapita choncho, kuposa mtengo wa mabokosi awiri. Ndinagula ena atatu ang'onoang'ono, n'kuzindikira ndili pagalimoto kuti aliyense ali ndi kiyi wakewake. Ulendo wachitatu ndi umene ndinapeza paketi yolembedwa keyed alike, kiyi mmodzi wotsegula onse. Funsani amenewo poyamba pomwe.

Ndaiwala chachikulu. Musanagwire drill, makina oboolera aja, khuthulani bokosi, zipolopolo zonse zipite chipinda china. Musati ndingozikankhira kumbuyo. Chitsulo chimatentha pobowola, ndipo nsonga ikangopyola imalowa mkati mwamphamvu.

Poboola, tsekani kaye chivundikiro ndi chotsekera chake, mulembe kadontho pakati penipeni pa bowo la chotsekeracho. Kenako khomani kachizindikiro ndi msomali kapena panchi. Ine bokosi loyamba sindinakhome, drill inaterereka papenti, bowo n'kupita pambali pang'ono. Chotsekera chinkagunda pamutu pa kabawuti, osatsekeka. Ndinakhala ndi tupa ndikukulitsa bowo mpaka dzanja kuchita matuza. Yambani ndi kansonga ka 1/8 inchi, mukulitse pang'onopang'ono mpaka mulingo umene walembedwa papaketi, kwa ine inali 1/2 inchi. Dontho la oilo limathandiza. Bokosi langa lachitatu chotsekera chake chinalibe bowo n'komwe, ndinaboola zonse ziwiri, ndipo chotsekera n'chokhuthala kuposa khoma.

Mukatha, palani m'mphepete mwa bowo, mukutumule tizitsulo tonse, mupake penti pang'ono kuti dzimbiri lisayambe. Kamphira kaja musakaiwale, chifukwa mwangoboola bokosi limene ubwino wake wonse unali kusalowa mpweya. Nati amakhala mkati. Mangani zolimba koma osafinya mphira mpaka kuphwanyika. Ine ndinaponyamonso timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi.

Mnzanga wina anandiseka, akuti wakuba angonyamula bokosi lonse, pajatu lili ndi chogwirira. Akunena zoona, ndipo amene ali ndi chodulira zitsulo loko wotere samuchedwetsa. Koma ine sindinakhomere wakuba. Ndakhomera ana anga ndi anzawo amene amadzaza m'galaja muno ndikapita kuntchito. Kwa iwo kaloko kameneka n'kokwanira, bola kiyi asakhale pamsomali pafupi ndi chitseko. Wanga ali pamodzi ndi makiyi a galimoto, winayo amayi akunyumba abisa kumene ngakhale ine sindikudziwa.

Ndibwerezenso, kabawuti m'thumba popita kusitolo, muyeze loko pomwepo wogulitsa akuona. Maloko asanu ndi limodzi opanda ntchito ali patebulo la kukhitchini pano, ndipo amayi afunsa kale kawiri kuti onsewa ndinagula ndalama zingati.