Lachitatu: present perfect ndi Sitandade 8

Lero period yachiwiri ndinali ndi Sitandade 8, ana anga amene akukonzekera PSLCE ya MANEB, ndiye mutu wa phunziro la Chingerezi unali present perfect, tense ya has ndi have yonena chinthu chimene chachitika koma zotsatira zake zikadalipo. Ndinatenga kabuku kena kakale kochokera kunja, chiganizo choyamba pabolodi: "The snow has melted." Kalasi yonse zii. Kamtsikana kena kakutsogolo kanakweza mkono, "Madamu, snow ndi chani?" Mphindi 10 zinatha ndikufotokoza chinthu choti kuno ku Lilongwe timangochionera pa TV, kenako melted nayenso kufuna kufotokozedwa, pomwe has uja amene ndinabwerera palibe anamuona nkomwe. Zinandiwawa.

Ndinatseka buku. Mvula inali itangokata kumene ndiye ndinawafunsa kuti kunjaku kwatani, onse pamodzi "mvula yagwa!" Nanga dzulo? "Inagwa!" Basitu. Kusiyana kwa yagwa ndi inagwa anawa anakudziwa asanayambe ndi sukulu yomwe, ukati yagwa ndiye kuti pansi pakadali ponyowa, matope tikuwaponda pompano. Apo ndi pomwe tinayambira. "The minibus has left", wafika pa siteji mochedwa, sunayipeze. "My mother has cooked nsima", ikadali yotentha mu mbale. "I have lost my pen", mpaka pano ulibe cholembera. Manja anali mmwamba mpaka kumbuyo komwe kumakhala osayankhula aja.

Koma mnyamata wina analemba "The rain has fallen." Galamala yake ilibe vuto, kungoti eni chilankhulo amangoti "It has rained", ndiye ndinamuyamika kaye kenako nkumuuza zimenezo. Chimodzimodzi "he has borrowed me a pen" amene anatuluka kangapo, poti ife timati ndibwerekeko basi, pomwe Chingerezi chimasiyanitsa borrow ndi lend. Nkhani zikhale za kwathu inde, koma Chingerezicho chikhale chenicheni.

Pa break ndinawafotokozera aphunzitsi anzanga ena achikulire tikudya zitumbuwa. Iwo akuti, "Madamu, komatu mayeso sabwera ndi nsima ndi minibasi zokhazokha." Akunena zoona ndithu, mawu atsopano ndi ofunika, paja Chingerezi ukalephera ku MSCE satifiketi palibe. Ndinawayankha kuti bambo, mawuwo ali ndi tsiku lake, pa kuwerenga nkhani tidzawapeza snow ndi anzake onse, koma tsiku la tense mwana asasenze mitolo iwiri. Anangogwedeza mutu, sitinamalize belu linalira.

Pano ndili kunyumba ku Kawale, magetsi athima, ndikuchonga makope ndi tochi ya foni. Ambiri has ndi have awapeza, chavuta ndi "has went" ndi "have ate", zimenezo tibwerezanso mawa tisanalowe since ndi for. Chiganizo choyambira ndalemba kale: "We have waited for the minibus since morning."