Mkuyu wa Livingstone ndi chitenje cha apongozi

Nkhani yonse inayamba ndi Takondwa, mwana wanga wachisamba, amene ali mu Sitandade 7. Atatsekera sukulu mu Disembala anabwera ndi dandaulo lakuti anzake awiri anakaona myuziyamu ya ku Chichiri ku Blantyre, ndipo kuyambira pamenepo m'kalasi anthu sakumwa madzi ndi nkhani ya chisitima chakale chomwe chili panja paja. Iyenso akufuna akaone. Ndinawerengera ya thiransipoti kuchoka ku Salima kuno, kupita ndi kubwera, mutu unayamba kuwawa. Ndiye ndinachita zimene amachita bambo aliyense m'thumba mukauma: ndinachinyoza chinthucho.

"Zinthu zotsekera m'magalasi nazonso nkumati mbiri? Mbiri yeniyeni ili pa Nkhotakota pompa. Tauni yonse ija ndi myuziyamu, yosalipiritsa pakhomo. Ndikutengani ine Loweruka."

Ndiulule kuti History ndinakhoza bwino pa MSCE, koma zaka zonsezi sindinapeze poigwiritsira ntchito. Ndimagulitsa simenti ndi misomali pa Kamuzu Road, ndipo wogula misomali safunsa za Livingstone. Tsono mwayi unali utagwa. Mwayiwo unakulanso chifukwa apongozi aakazi anali atabwera kudzadya nafe Khrisimasi. Mayi amenewa chiyambire ukwati wathu amandiona ngati munthu wodziwa mtengo wa malata basi. Ndinati lero adziwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa sukulu.

Tinakwera minibasi anthu anayi. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 100 pa msewu wa M5, ndipo phunziro ndinaliyamba tisanafike pa Khombedza. Ndinafotokoza za Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera mbali za ku Zanzibar, amene anakhazikika pa Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 nkumatchedwa Jumbe. Pa Benga ndinali pa minyanga ya njovu. Pa mlatho wa Chia, anyamata akulowetsa chambo m'mawindo, ine ndinali ndikuwolotsa akapolo pa nyanja m'zombo zamatanga, kuti akayende pansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. Kondakitala anamvetsera ndithu mwaulemu, kenaka nkuti, "Abwana, mbiri yamveka, koma ya anthu anayi sinakwane."

Titangotsika, a kabaza anatizinga. Wina anachita kunena yekha kuti, "Kumtengo wa Livingstone, bwana? Tiyeni." Mayi a Takondwa anandikodola nkunong'ona, "Bwanji tingokwera, kapena tifunse njira?"

Kufunsa? Pamaso pa apongozi? Ndinati mtengowo ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Zoona zake ndinauona kamodzi kokha, pa chithunzi chosaoneka bwino cha m'buku la Fomu 2. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sananene kuti phulalo amalidya apongozi akuonerera.

Tinalowera chakunyanja, dzuwa likuswa mtengo, nthaka ikutulutsa nthunzi chifukwa usiku kunagwa mvula. Ine patsogolo, suti yakuda, ya ukwati ija. Titayenda mpaka thukuta kulowa m'maso, ndinaona mkuyu waukulu, nthambi zotambalala, nkhuyu zakupsa zili mbwee pansi. Patsinde pake panali mkulu wina akumata chubu cha njinga. Mtima unati ndi womwewu.

Ndinawaimika bwino anthu anga. Takondwa kope ndi bolopeni m'manja. Apongozi anayala chitenje pamuzu nkukhala, maso pansi monga mwa mwambo.

"Pano pamene ndaima ine," ndinayamba, "ndi pamene anaima David Livingstone. Anafika kuno koyamba mu 1861, nabweranso mu 1863. Apo mwakhala amayi ndi pamene anakhala Jumbe."

Mayi a Takondwa anandiyang'ana ndi diso lija. Ndinazindikira mochedwa kuti apongozi ndawasandutsa wogula anthu, koma mawu anali atatuluka kale. Ndinapitiriza. Anthu anayamba kusonkhana: amayi a mpunga m'mabeseni, ana, a kabaza awiri atatu. Ena ankayesa ndikulalikira, ena ankadikira kuti nditulutsa mankhwala a nsana m'chikwama. Ine kuona gulu, mawu anakwera. Ndinafotokoza mmene Livingstone anamuchondererera Jumbe kuti asiye malonda a anthu. Ndinavula chipewa, nkupondaponda pansi kusonyeza malo enieniwo.

Amene analumidwapo ndi linthumbu akudziwa khalidwe lake. Siliyamba kuluma likangokwera. Limakwera mwakachetechete, kudutsa sokosi, bondo, ntchafu, mpaka lonse litapeza malo, kenaka ngati wina waliza wezulo.

"Ndipo Jumbe atamva mawu amenewa anayankha kuti... Mayo!"

Ndinadumpha. Ndinadzimenya pa ntchafu, kumbuyo, ndi malo ena amene munthu sadzimenya pagulu. Anthu anayesa ndi mbali ya phunzirolo, mwana wina mpaka anawomba m'manja. Takondwa, mwana womvera, analemba m'kope kenaka nkukweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Adadi, 'mayo' ananena ndi Jumbe kapena Livingstone?"

Mkulu womata chubu uja ndiye anadzuka. "Achimwene, mwaponda mumsewu wa linthumbu! Vulani buluku msanga, apo ayi likumalizani!"

Abale, mkamwini weniweni sadya nkomwe mbale imodzi ndi apongozi aakazi. Akakumana panjira, wina amapatuka. Ine zaka 14 ndakhala ndikusunga ulemu umenewu osaphonya. Ndinayesa kulimba mtima masekondi angapo, ndikuvina china chake chapakati pa beni ndi malipenga, koma linthumbu silidziwa chipongozi. Lamba anamasuka. Buluku la suti linagwa. Ndinathawira kuseri kwa mkuyu, koma mkuyu ulibe kuseri ngati anthu auzungulira.

Apongozi anatembenuka msangamsanga, nkuyang'ana kunyanja ngati akudikira Ilala. Mapewa awo okha ndi amene ankagwedezeka. Osacheuka, anamasula chitenje chapamwamba nkupatsira mwana wawo, mwana wawo nkundiponyera ine. Chinali cha maluwa achikasu.

Mkulu uja akundithothola linthumbu kumsana, mitu yake ikutsalira m'khungu, anafunsa mwaulemu, "Koma achimwene, za Livingstone zija mumanena mtengo uno?"

Ndinati inde.

"Ayi, uno ndi wongokonzerapo njinga. Wa Livingstone uli kumishoni uko, mumpanda wa chipatala. Mwaudutsa kale."

Buluku silikanavalika, linali lodzaza m'misoko monse. Tinalimanga mu jumbo. Choncho ndinayenda m'tauni ya Nkhotakota jekete la suti pamwamba, tayi pakhosi, chitenje cha apongozi m'chiuno, nsapato zakuda zopanda sokosi. Amene anatsogolera njira ndi apongozi. Sanafunse munthu. Anakhota apa, nkudutsa apo, mpaka tinaima pansi pa mkuyu wina wokalamba, pafupi ndi tchalitchi cha Anglican.

Pamenepo ine mawu anali atandithera, ndiye analankhula ndi iwo, motsitsa, akuyang'ana mdzukulu wawo. Anamuuza kuti eni ake kuno amati pa Linga. Anamuuza kuti mpunga umene amaukonda uja unakhazikika kuno ndi Aswahili omwewo, pamodzi ndi Chisilamu. Anamulozera tchalitchi cha All Saints nkumuuza kuti mmenemo munaikidwa bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, yemwe dzina lake linapatsidwa sitima ina ya pa nyanjayi. Kenaka anakhala chete kanthawi, nkuti, "Anthu amene anawolotsedwa pa nyanja iyi analibe wowalembera maina." Takondwa sanalembe zimenezo. Anangoyang'ana kumadzi.

Ndinanong'oneza mayi a Takondwa kuti kodi amayi zonsezi anazidziwira kuti.

"Ine ndinabadwira pa chipatala chomwechi. Anakhala pano mwezi wathunthu kuchidikiro, akuphika nsima chapafupi pompa. Chaka cha Livingstone mukuchidziwa, koma kumene anabadwira mkazi wanu ayi."

"Nanga bwanji sananene pamene tinkasochera?"

"Akanakutsutsani bwanji apongozi awo pagulu?"

Pobwerera mu minibasi munalibe phunziro. Ndinakhala chammbali, thako limodzi m'mwamba. Pa Chia apongozi anagula chambo ziwiri ndi ndalama zawo, nkuuza mwana wawo kuti yaikuluyo ikhale ya bambo a Takondwa, avutika lero.

Sukulu itatsegulira, ana anauzidwa kulemba chimangirizo cha zimene anachita pa holide. Sabata yotsatira kunabwera bambo wina kushopu, choko chili mbuu pa malaya. Anaitanitsa kilo imodzi ya misomali ya mainchesi anayi. Ndikuyeza pa sikelo, anatsokomola pang'ono nkuti, "Pepani bambo, pali funso limodzi limene mwana sanaliyankhe m'chimangirizo chake. Kodi 'mayo' uja ananena ndi Jumbe kapena Livingstone?"