Chipewa chofiira chinandionetsa zakuda pa I-95

Ntchito yanga kuno ku America ndi yoyendetsa galimoto zija munthu amaitana pa foni, m'dera la Washington, Maryland ndi Virginia. Malipiro a ulendo amakhala ochepa, ndiye mtima wa dalaivala umakhala pa nyenyezi zimene wokwera amakupatsa akatsika, komanso kangachepe kamene amaonjezera akasangalala. N'chifukwa chake ine ndilibe chipani. Ndimatsata cha amene wakhala kumpando wakumbuyo.

Boma litatsekedwa pa 1 Okutobala 2025, achibale kumudzi anayamba kundiimbira kufunsa ngati asilikali alanda boma. Ayi ndithu. Chaka cha ndalama za boma kuno chimayamba pa 1 Okutobala, ndipo aphungu akapanda kuvomereza bajeti, lamulo limaletsa nthambi za boma kugwiritsa ntchito ndalama zimene sizinavomerezedwe. Ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, kuli mipando 100. Kuti bilu ya mtundu umenewu idutse pamafunika mavoti 60, pamene a Republican anali 53 okha. A Democrat anati sapereka mavoti otsalawo pokhapokha boma litalonjeza kupitiriza thandizo lochepetsa mtengo wa inshuwalansi ya chipatala, lomwe linkatha kumapeto kwa Disembala. A Republican anati tsegulani boma kaye, zinazo tikambirana pambuyo. Basi, nkhani inaima pamenepo.

Ogwira ntchito m'boma anagawidwa pawiri. Ena anauzidwa kuti akhale kunyumba opanda malipiro. Ena, monga olondolera ndege ndi ofufuza zikwama pabwalo la ndege, anauzidwa kuti azibwerabe kuntchito, nawonso opanda malipiro. Lamulo la mu 2019 limati onsewa adzalipidwa boma likadzatsegulidwa, koma siliwakhudza osesa ndi ophika m'maofesi a boma amene analembedwa ndi makampani apadera. Makalata ankayendabe, ndalama za okalamba za Social Security zinkafikabe, ndipo aphunguwo ankalandira malipiro awo mwezi ndi mwezi osachotsedwa ndi senti yomwe. Ife madalaivala zinatipweteka pawiri: maulendo am'mawa opita kumaofesi anatha, kenako ena mwa amene tinkawanyamulawo anayamba nawo kuyendetsa galimoto. Okwera ochepa amene anatsala, aliyense ankalowa ndi funso limodzi: wolakwa ndani?

Pamenepa ndinali ndi njira yanga, ndipo ndinkaphunzitsa anzanga. Usayambe ndiwe kulankhula. Mvetsera dzina limene munthuyo wapatsa vutoli, chifukwa wonena kuti "Schumer shutdown" (kuloza a Chuck Schumer, amene ankatsogolera a Democrat ku Senate) ndi wa Republican, wonena kuti "Trump shutdown" ndi wa Democrat. Akakhala chete, yang'ana zomata pachikwama ndi chimene wavala kumutu, poti chipewa chofiira chimadziwika kuti n'cha otsatira a Trump. Ukadziwa mbali yake, pukusa mutu kawiri, upume mozama, unene kuti, "Anthu amenewa alibe chisoni." Mawu amenewa amakwanira mbali zonse.

Lachisanu pa 7 Novembala, boma linayamba kuchepetsa maulendo a ndege pamabwalo 40 akuluakulu chifukwa olondolera ndege anali atachepa pantchito. Ena ankadwala, ena ankasaka maganyu oti alipirire lendi. Bomalo linayamba ndi kudula maulendo 4 pa 100 aliwonse, n'cholinga chofika pa 10. Kwa ife inali nthawi yokolola. Munthu ndege yake ikalephereka amabwezeredwa ndalama za tikiti, ndipo ngati kumene akupita sikutali kwambiri, amaitana galimoto.

Chakumasana foni inalira: bwalo la Reagan National, anthu awiri, ulendo wa ku Norfolk, makilomita pafupifupi 300. Ndinachita kuimba kanyimbo. Ndinagula khofi wa m'kapu yaikulu ija yofika theka la lita, n'kuikhuthula yonse ndili pamzere.

Analowa bambo ndi mayi achikulire, akupita ku ukwati wa mdzukulu wawo. Bambowo anali atavala chipewa chofiira chotembenuza, zolemba zili kunkhongo. Njala ya milungu ingapo inandilankhulitsa tisanatuluke n'komwe pabwalopo.

"Pepani bwana ndi ndege yanu. A Democrat amenewa alibe chisoni."

Kumbuyo kunangoti zii. Kenako bambowo anatembenuza chipewa chija pang'onopang'ono kuti ndichione bwino pagalasi. Panali chilembo cha W choyera, chopindikapindika. Chinali cha Washington Nationals, timu ya baseball.

"Mnyamata, ine ndagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ndipo chiyambire Okutobala ndili pakhomo. Bwereza zimene wanenazo."

Dalaivala wodziwa ntchito sachedwa kukhota. Ndinati lilime linangoterereka, ndimafuna kunena a Republican, chifukwa kunena zoona mpando wa pulezidenti ndi wawo, Senate ndi yawo, nyumba ya aphungu ndi yawonso, ndiye angaloze bwanji chala munthu wina? Bambowo anagwedeza mutu mokhutira. Ndinayamba kuwerengera kangachepe kanga mumtima.

"Ayi, poyamba paja munanena zoona," anatero mayiwo. "Musaope chipewa. Amene waitana galimotoyi ndine, ndipo nyenyezi ndipereka ndine."

Tinali tisanadutse Springfield. Kutsogolo kunali msewu wa I-95 wa Lachisanu masana, umene galimoto zimayenda mothithikana mpaka ku Fredericksburg. Njira yolipira ya pakati ija inali yoyera, koma mtengo wake umakwera magalimoto akachuluka, ndipo mayiwo anakana kulipira. Bambowo anati iwo alibe malipiro, tonse tikudziwa chifukwa chake. Apo mpamene moto unabuka.

Anthuwa nkhaniyi ankaidziwa kuposa owerenga nkhani pa TV. Mayiwo anati bilu yotsegula boma yakanidwa ku Senate maulendo 14, ndipo okana ake ndi a Chuck Schumer ndi anzawo. Bambowo anati a Mike Johnson, sipikala wa chipani cha Republican, sanaitanitse nyumba ya aphungu kudzavota chichokere pa 19 Seputembala, ndiye ofuna kukambirana ndi ati? Mayiwo anatchula anthu pafupifupi 42 miliyoni amene amadalira thandizo la chakudya la SNAP, lomwe linasokonekera mwezi umenewo. Bambowo anati eya, nawonso amafuna atchule anthu omwewo. Aliyense akamaliza mfundo yake ankagogoda mpando wanga: "Si choncho adalaivala?" Ndikati "Zoona amayi," bondo la bambowo linkandibaya kumsana kudzera mumpando. Ndikati "Mwanenadi bwana," mayiwo ankatulutsa foni n'kuyamba kuyang'ana pamene pamakhala nyenyezi.

Khofi uja naye anali atafika pofuna kutuluka.

Nditaona chikwangwani chabulauni, mtundu umene umalozera kumapaki ndi malo a mbiri yakale, ndinapatuka mosapempha chilolezo. Mapaki a boma nthawi yotere amakhala osatseka pageti: misewu ndi tinjira n'zotsegula, koma nyumba yolandirira alendo, imene antchito ake ali kunyumba, imakhomedwa. Chimbudzi chinali m'nyumba imeneyo. Pachitseko panali pepala lofotokoza mwaulemu kuti malowa ndi otseka chifukwa ndalama sizinavomerezedwe. Ndinagwedeza chogwirira ngati kuti mwina Senate yasintha maganizo ndili m'njira.

Okwera anga anatsika n'kubwera kudzawerenga pepalalo. "Waona zochita za anthu ako?" anatero mayiwo. "Anthu anga? Kiyi ali ndi ndani?" anayankha bambowo. Ine pambali ndikupondaponda, miyendo nditaipingasa, maso ali kuthengo. Koma kuno kukodza patchire la boma ndi mlandu, ndipo apolisi a m'mapaki ali m'gulu lija logwira ntchito osalipidwa. Munthu amene wakhala mwezi wathunthu osalandira kanthu si wokumana naye zipi ili yotsegula.

Chipulumutso ndinachipeza pamalo ena omwetsera mafuta, pamene mnyamata wa pakauntala anati chimbudzi n'cha ogula okha. Ndinagula chingamu. Anandipatsa kiyi womangiriridwa kuthabwa lalitali ngati mkono, ndipo ndinadutsa nalo pakati pa anthu ndikuyenda timasitepe tating'onoting'ono.

Titadutsa Richmond n'kulowa I-64, anandipanikiza kuti ndigamule. Ndinayesa njira yomaliza: "Kunena chilungamo, mbali zonse zalakwa." Sindinaonepo anthu awiri akukwiya nthawi imodzi chotero. Mayiwo anati amenewo ndi mawu a munthu wamantha. Bambowo anati ndi mawu a munthu wosawerenga. Kenako mayiwo anafunsa kuti chaka chatha ndinavotera ndani. Ndinafotokoza kuti ndili ndi green card, chilolezo chokhala m'dziko muno usali nzika, ndipo wa green card savota pa zisankho za boma.

"Ndiye maola onsewa takhala tikukopa munthu wopanda voti?" anatero bambowo.

Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, bambowo n'kumawasisita pamsana. Kuyambira pamenepo mpaka ku Norfolk anagwirizana pa chilichonse: kuti ndine nthirakuwiri, kuti ndimamanga mabuleki mochedwa, kuti galimoto yanga imanunkha khofi. Ku Senate zinatengera mpaka Lamlungu pa 9 kuti mavoti 60 apezeke, ndipo boma linatsegulidwa pa 12 Novembala patatha masiku 43. M'galimoto yanga mgwirizano unapezeka Lachisanu lomwelo.

Ndinabwerera usiku wopanda wokwera, mafuta anga. Nyenyezi anandipatsa ziwiri, kangachepe palibe. M'mawa mwake, Loweruka, ndinanyamula mtsikana wina wa pa yunivesite. Atangokhala anatola chinthu pansi pa mpando n'kuchinyamula ndi zala ziwiri, zolemba zitaloza kwina. Chinali chipewa cha bambo aja.

"Oo, ndinu a gulu limeneli eti?" anatero, akuvula zomvera m'makutu. "Chabwino. Ulendowu ndi wa mphindi 40, tikambirana."