Lipoti la ulendo wathu wa ku London wokaona zithunzi zakale za chibwenzi ndi ukwati

Loweruka lachiwiri la mwezi wa Juni, ife a m'gulu la Amalawi okhala ku Leicester ndi m'madera oyandikana nawo tinanyamuka m'mamawa pa basi kupita ku London, tilipo anthu 23, ndipo asanu ndi awiri mwa ife anali achinyamata obadwira kuno ku Mangalande. Ulendowu unabadwa pa mkangano umene unabuka pa msonkhano wathu wa mwezi wa Epulo, pamene achinyamatawa ananena mosapsatira kuti za ankhoswe n'zachikale, poti azungu kuyambira kale amangokondana awiriwiri n'kukwatirana popanda wina wolowererapo. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene ndi mphunzitsi wa kusekondale, anatiuza kuti m'malo molimbana ndi pakamwa tipite tikaone ndi maso zimene makolo a azunguwo anasiya atajambula. Komiti inandipatsa ine udindo wolemba zimene tinaona, ndipo ndalembanso maganizo anga m'malo ena, amene ena mwa amene tinali nawo angathe kuwatsutsa pa msonkhano ukubwerawu.

Tinafika ku Victoria mumzinda wa London cha m'ma 10 koloko, ndipo tinakwera sitima yapansi panthaka mpaka kufupi ndi Trafalgar Square, kumene kuli National Gallery, nyumba yosungiramo ndi kuonetseramo zithunzi zojambula pamanja. Bungwe la National Gallery linakhazikitsidwa m'chaka cha 1824 ndipo polowa salipiritsa, zimene zinakondweretsa kwambiri msungichuma wathu.

Aphunzitsi aja anatitsogolera choyamba pa chithunzi chimene Jan van Eyck anajambula m'chaka cha 1434 mumzinda wa Bruges, chimene chimadziwika ndi dzina la Arnolfini, banja la amalonda ochokera ku Lucca m'dziko la Italy. Ambiri a ife tinkaganiza kuti ndi chachikulu ngati chitseko, koma ndi chaching'ono, masentimita pafupifupi 82 m'litali ndi 60 m'lifupi, chojambulidwa pa thabwa ndi penti wa mafuta. Mwamuna wavala chipewa chachikulu chakuda, dzanja lake lamanja walikweza ngati munthu amene akulumbira kapena kupereka moni, ndipo m'dzanja lamanzere wagwira dzanja la mkazi wovala diresi yobiriwira yansalu yambirimbiri. Amayi achikulire a m'gulu lathu atangoona mmene mkaziyo wagwirira pamimba ananong'onezana kuti ameneyu ndi woyembekezera ndipo ukwatiwu ndi wokonza zolakwika. Aphunzitsi anafotokoza kuti akatswiri ambiri sagwirizana ndi zimenezo, chifukwa akazi olemera a nthawi imeneyo ankanyamula nsalu ya diresi chonchi pofuna kuonetsa kuti ali nayo yochuluka. Amayiwo anangoti, "Tamva, aphunzitsi," koma nkhope zawo sizinasonyeze kuti akhutira.

Chimene chinatiimika nthawi yaitali pamenepa ndi galasi lozungulira limene lili pakhoma kumbuyo kwa awiriwa. Munthu ukayandikira umaona kuti m'galasimo muli anthu ena awiri amene aima pakhomo la chipindacho, pamalo enieni amene iwe woonerera waima, ndipo pamwamba pake wojambulayo analemba m'Chilatini mawu otanthauza kuti Jan van Eyck anali pano, 1434. Mkulu wina wa m'gulu lathu, amene wakhalapo nkhoswe wa maukwati angapo kwawo ku Dedza, anaseka n'kunena kuti, "Ana inu, si awa ankhoswe aja mumati kulibe?" Ganizo lakelo silinali lopanda pogwira, chifukwa m'chaka cha 1934 katswiri wina dzina lake Erwin Panofsky analemba kuti chithunzichi chinali ngati chikalata cha ukwati ndipo anthu a m'galasiwo ndi mboni. Akatswiri a pambuyo pake anamutsutsa, ndipo ena amati mwina mkaziyo anali atamwalira kale pamene chithunzicho chinkajambulidwa, poti kandulo yoyaka ili kumbali ya mwamuna yekha. Ine sindinatengeke ndi mkangano wa akatswiriwo. Ndinangoona kuti mmisiri amene anatha kujambula ubweya wa kagalu kamene kali pansipo, malalanje a pawindo ndi matope a pa nsapato zathabwa, sanafune kuwasiya awiriwa okha m'chipinda, ndipo anaikamo anthu ena amene akuona zimene zikuchitika.

Titachoka apo tinapita pa zithunzi zisanu ndi chimodzi za William Hogarth zotchedwa Marriage A-la-Mode, zimene anajambula cha m'ma 1743, ndipo pamenepa m'pamene gulu lathu linasokosera mpaka mlonda anatiyang'ana. Zithunzizi zimasimba nkhani imodzi motsatizana. M'chithunzi choyamba muli abambo awiri amene akukambirana za ukwati wa ana awo. Wina ndi wa kubanja lachifumu, phazi lake lotupa walikulunga nsalu, ndipo akuloza pa pepala la mndandanda wa makolo ake, koma pawindo pakuoneka nyumba yake yatsopano imene yaima isanathe chifukwa ndalama zamuthera. Winayo ndi wamalonda wolemera wa mumzinda, amene wabwera ndi ndalama zimene zaunjikidwa patebulo, ndipo chimene akufuna n'chakuti mwana wake wamkazi alowe m'banja laulemu. Eni ake ukwatiwo akhala pambali atafulatirana: mnyamata akudziyang'ana pagalasi, pakhosi pake pali kadontho kakuda kosonyeza chindoko, pamene mtsikana akuseweretsa mphete yaukwati pa kampango kwinaku akumvetsera zimene loya wachinyamata akumunong'oneza. Pansi pali agalu awiri omangidwa unyolo umodzi.

Achinyamata athu apa anapeza mpata wobwezera. Mtsikana wina anauza mkulu wa ku Dedza uja kuti, "Agogo, mwaona zimene zimachitika akuluakulu akalowerera?" Mkuluyo anayankha modekha kuti nkhoswe ndi wogulitsa mwana ndi anthu awiri osiyana, ndipo kuti kwawo chinkhoswe chimayamba mnyamata ndi mtsikana atagwirizana kale okha, kenako malume amafunsa mtsikanayo pamaso pa anthu ngati akumudziwa mnyamatayo ndiponso ngati akumufunadi. Anaonjezera kuti m'chithunzimo palibe ndi mmodzi yemwe amene akuyang'ana mtsikanayo kupatula loya yekha, amene cholinga chake n'china. Mayi wina wochokera ku Mzimba sanafune kuti nkhaniyi ingothera pa Achewa okha, ndipo ananena kuti malowolo a kwawo nawonso anthu ena masiku ano awasandutsa msika, mwakuti tebulo la ndalama la Hogarth silinamudabwitse nkomwe. Iye anaonanso chinthu chimene enafe tinachiphonya, chakuti m'chithunzimo ndalama zikuchokera kuchikazi kupita kuchimuna, mosemphana ndi mmene malowolo amayendera.

Zithunzi zotsatira tinaziona mothamangako. Chachiwiri chikuonetsa banjali litangokhala miyezi yochepa: mwamuna wabwera kunyumba atatopa ndi zausiku, kagalu kakununkhiza kachipewa ka mkazi wina kamene katulukira m'thumba mwake, ndipo woyang'anira chuma cha pakhomopo akutuluka atanyamula mulu wa makalata a ngongole, maso ali kumwamba. Pa chachinayi tonse tinaima chete pang'ono, chifukwa m'chipinda cha mkaziyo muli antchito awiri akuda, wina akupereka chakumwa ndipo wina ndi kamnyamata kamene kakhala pansi kakuloza chidole chokhala ndi nyanga kumutu. Aphunzitsi anatikumbutsa kuti imeneyo inali nthawi ya malonda a akapolo, ndi kuti mabanja olemera a ku London ankasunga antchito akuda monga chizindikiro cha chuma. M'chithunzi chachisanu mwamuna wapeza mkazi wake ndi loya uja m'nyumba yogona alendo, walasidwa ndi lupanga, ndipo loyayo akuthawira pawindo. M'chomaliza loya wanyongedwa, mkazi wamwa mankhwala n'kudzipha, ndipo bambo ake omubala akumuvula mphete kuchala mtembo usanazizire. Amayi ena anapukusa mitu n'kuchokapo osalankhula.

Titadya nkhomaliro imene tinanyamula, tinakwera sitima mpaka ku Bond Street n'kuyenda pang'ono kufika ku Wallace Collection, malo enanso oonetserako zithunzi, m'nyumba ya Hertford House imene ili pa Manchester Square ndipo inatsegulidwa kwa anthu onse m'chaka cha 1900. Kumeneko tinapitira chithunzi chimodzi chokha, cha Jean-Honoré Fragonard wa ku France, chimene anajambula cha m'ma 1767. Mkazi wovala diresi yapinki ali pa katungwe m'munda wa mitengo yowirira, nsapato yake imodzi yauluka m'mwamba, bambo wachikulire ali kumbuyo mumdima akukoka zingwe, ndipo mnyamata wabisala m'maluwa kutsogolo, wagona chagada akuyang'ana m'mwamba mmene diresiyo yakwezekera. Pambali pali chosema cha kamwana kamapiko kamene kaika chala pakamwa, kutanthauza kuti zimene zikuchitikazi zisamveke. Wina wa ife anatchula mwambi uja wakuti katungwe n'kukankhana, ndipo wina anamuyankha kuti bambo wa kumbuyoyo akukankha koma amene akudyerera ndi wina. Tinaseka tonse, ngakhale wapampando wathu amene sakonda nthabwala zotere.

Mbiri ya chithunzichi imati bwana wina wa kunyumba yachifumu ya ku France anayamba wapempha mmisiri wina, Gabriel-François Doyen, kuti amujambulire chibwenzi chake chamseri chili pa katungwe, wokankhayo akhale bishopu, ndipo iye mwini aikidwe pamalo poti aziona miyendo ya mkaziyo. Doyen anakana n'kumulozera kwa Fragonard, amene anavomera ntchitoyo koma bishopu sanamuikemo. Pa zithunzi zonse zimene tinaona tsikulo, ichi n'chimene chinali chokongola kwambiri m'maso, makamaka poti anachiyeretsa mu 2021 ndipo mitundu yake ikuwala. Ndi chokhachonso chimene mwamuna ndi mkazi akuoneka kuti akusangalala kuonana, koma ubwenzi wake ndi wobisa, ndipo ngakhale umenewu uli ndi munthu wachitatu amene akukoka zingwe osadziwa chimene akuthandizira. Ine ndinaona kuti achinyamata athu anafika kudzafuna chithunzi cha anthu awiri okondana popanda wina aliyense pafupi, ndipo pa zimene aphunzitsi anatisankhira sanachipeze. Mnyamata wina ananena kuti aphunzitsiwo anasankha dala zithunzi zogwirizana ndi mbali ya akuluakulu, ndipo iwo sanakane, anangoti nyumbazi zili ndi zithunzi zambirimbiri ndipo ulendo wotsatira achinyamatawo ndiwo adzasankhe.

M'basi pobwerera nkhani inatembenukira kwathu. Mkulu wa ku Dedza uja anafunsa achinyamata ngati amadziwa kuti m'mapanga a ku Chongoni muli zojambula za makolo athu, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 2006, ndi kuti zina mwa zojambula zoyera za kumeneko zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana, chimene mwa zina chinkawakonzekeretsa za banja. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa asanu ndi awiriwo amene anali atamvapo. Mkuluyo anati zimenezo sizijambula nkhope za mnyamata ndi mtsikana ngati za ku London, chifukwa zinali zizindikiro zophunzitsira zimene tanthauzo lake ankalidziwa ndi anamkungwi ndi anamwali awo. Mtsikana amene anatsutsana naye pa zithunzi za Hogarth anamupempha kuti pa msonkhano wa mwezi wa Ogasiti adzafotokoze mwatsatanetsatane mmene chinkhoswe chimayendera kuyambira tsiku limene mnyamata wakaonekera kwa malume a mtsikana, koma anaika lamulo lakuti achinyamata adzaloledwe kufunsa mafunso popanda kuuzidwa kuti ndi amwano. Wapampando anavomera, ndipo nkhaniyi yaikidwa kale pa ndondomeko ya msonkhanowo. Tinafika ku Leicester cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo msungichuma adzapereka lipoti la ndalama za basi pa tsiku la msonkhanowo.