Mamailosi 24,000 ndi tikiti imene ndinkayesa yaulere

Kwa zaka zinayi ndinkasonkhanitsa mamailosi a ndege (mapointi amene kampani ya ndege imakupatsani mukakwera nayo, oti mudzagulire tikiti) ngati tsokonombwe, ulendo uno ochepa, ulendo wina ochepa, mpaka anakwana 24,000. Ndiye mchemwali wanga atandiitana kuti ndikacheze kwa masiku asanu, ulendo wa maola atatu mumlengalenga, mumtima ndinati basi, uno ndiye ndiuluka osatulutsa kalikonse. Ndinkadzinamiza. Ndalama ndinatulutsa ndithu, kungoti zinachepa kusiyana ndi zomwe ndikanalipira ndikanathamangira tikiti yoyamba kuiona. Ntchitoyi inanditengera madzulo awiri, pepala ndi cholembera.

Makampani amene ndinagulako sindiwatchula. Ndipo kuti masamu asativute, mtengo umene ndinauona pa chilengezo tiutche 100. Ziwerengero zina zonse ndaziyerekeza ndi 100 ameneyu, kaya inu mumalipira ndi ndalama ya dziko liti.

Ndinatsegula masamba atatu pa kompyuta: la kampani ya ndege zotchipa, la kampani yaikulu imene ndili nayo mamailosi, ndi lachitatu la kampani yomweyo koma pogula ndi mamailosi. Ndinayamba ndi yotchipayo, poti ndi imene inkandikopa.

100 uja analipodi, sanali bodza. Koma anali wa ndege yonyamuka mbandakucha pakati pa sabata, kubwereranso mbandakucha pakati pa sabata. Ine ndinkafuna kupita Lachitatu n'kubwerera Lamlungu madzulo, nthawi imene aliyense akuthamangira kuntchito ya Lolemba. Kupita kunali 45, kubwerera 105. Ndisanadine paliponse tinali kale pa 150.

Kenako kunabwera masamba ofunsa mafunso. Mtengo woyambawo umalola kachikwama kamodzi kolowa pansi pa mpando wakutsogolo kwanu, basi. Kasutikesi koika m'kabati ya pamwamba n'kolipira, sutikesi yaikulu n'njolipira, kusankha mpando n'kolipira, kukwera msanga n'kolipiranso. Apa ndinadzuka kukatenga tepi yoyezera, chifukwa muyeso umene amalemba umawerengera mateyala ndi chogwirira chomwe. Kasutikesi kanga kanapitirira ndi masentimita atatu, ndiye ndinangosankha sutikesi ya makilo 20 yopita kunsi kwa ndege, 35 kupita, 35 kubwerera. Anthu ambiri amagwa pomwepa: mtengo wa katundu umawerengedwa pa ulendo uliwonse paokha, osati pa tikiti yonse. Mpando sindinasankhe, maola atatu munthu angakhale paliponse. Inshuwaransi, galimoto yobwereka ndi hotelo ndinazilumpha, ngakhale batani lokanira linali laling'ono ndi lotuwa pamene lovomera linali lalikulu ngati chitseko. Tinafika pa 220.

Chinatsala ndi chimene webusaiti sikuuzani: bwalo limene ndegeyo imatera. Makampani otchipa amakonda mabwalo ang'onoang'ono akutali ndi mzinda chifukwa ndalama zoterera n'zochepa komanso ndege siichedwa pansi. Bwalo la Beauvais amaligulitsa ndi dzina la Paris koma lili makilomita oposa 80 kuchokera mumzindawo, la Hahn kwa zaka zambiri linkanyamula dzina la Frankfurt koma lili makilomita oposa 100. Langa silinali kutali choncho, komabe basi yake inali 20 kupita ndi 20 kubwerera. Ndinalemba 260 n'kudula mzere pansi pake. Chikomekome cha mkuyu chija.

Komatu sindikunena kuti makampaniwa ndi akuba. Popanda iwo bwenzi enafe tikungoiona ndege ikudutsa kumwamba. Dziko la America litamasula msika wa ndege mu 1978, ndipo mayiko a ku Ulaya atamaliza kumasula wawo mu 1997, makampani ngati Southwest, Ryanair ndi easyJet anapeza mpata wotsitsa mitengo. Njira yawo ndi yodziwika: mtundu umodzi wa ndege kuti zipangizo ndi maphunziro a oyendetsa zisadule, mipando yothithikana, ndege kutera n'kunyamukanso pasanathe theka la ola. Boeing 737-800 ya Ryanair imanyamula anthu 189, onse kalasi imodzi. Mtengo wa mpando amautsitsa kuti aoneke pamwamba pa mndandanda mukamafufuza pa intaneti, phindu n'kumalipeza pa zoonjezera. Makampani akuluakulu ataona makasitomala akuthawa anatengera zomwezo. American Airlines inayamba kulipiritsa sutikesi yoyamba mu 2008, ndipo ngakhale Southwest, imene kwa zaka zambiri inkanyadira kuti katundu amakwera mwaulere, inasiya zimenezo kwa okwera ambiri mu 2025.

N'chifukwa chake pa tsamba lachiwiri ndinapezanso matikiti a mitundu itatu a ndege imodzimodziyo. Wotsikitsitsa unalibe sutikesi, ndiye sindinauwerengere. Wokhala ndi sutikesi unali 290, kutera pa bwalo lapafupi ndi mzinda. Kusiyana kwa 260 ndi 290 si kuja kwa 100 ndi 290 komwe maso anga anaona poyamba.

Pansi pa mtengowo panali timawu tating'ono tosonyeza mmene 290 wagawidwira. Ndikupemphani, tidineni timawu timeneti, chifukwa nkhani yonse ya mamailosi yagona pamenepo. Mtengo weniweni wa mpando unali 130. Misonkho ya boma ndi ya mabwalo a ndege inali 70. Ndiye panali mzere wina wa 90, wokhala ndi zilembo YQ. Nthawi zina mudzaona YR. Ndalama imeneyi imaikidwa pamodzi ndi misonkho koma si msonkho ayi, siipita ku boma lililonse, imalowa m'thumba la kampani. Inafala cha m'ma 2004 mafuta atakwera mtengo, ndipo ankaitcha yoonjezera ya mafuta. Mafuta atatsika makampani ambiri sanaichotse, anangoisintha dzina kukhala ndalama yoikidwa ndi kampani. Kwa wogula ndi ndalama zilibe kanthu, 290 ndi 290 kaya amugawa bwanji. Koma kwa wogula ndi mamailosi ndi nkhani ina, chifukwa m'mapulogalamu ambiri osonkhanitsira mamailosi, mamailosiwo amangolipira mtengo wa mpando. Zina zonsezo mutulutsa m'thumba.

Tsamba lachitatu linatsimikiza: mamailosi 20,000 kuphatikizapo 160. Ndinakhala kaye phee. Tikiti yaulere ija ikufuna ndalama zoposa theka la mtengo wake, ndiponso kuposa 100 amene anandikopa poyamba paja.

Apa mpamene cholembera chinagwira ntchito. Poyamba ndinachotsa 160 pa 290, n'kupeza kuti mamailosi 20,000 akundipulumutsira 130. Kenako ndinadzifunsa: kodi ndikanapanda mamailosi ndikanagula ya 290? Ayi, ndikanagula ya 260 ija. Choncho phindu lenileni linali 100 yokha, kutanthauza 5 pa mamailosi 1,000 alionse. Anthu okonda mamailosi amalakwitsa dala pamenepa, amayerekeza ndi tikiti yodula imene sakanaigula n'komwe, kenako n'kumadzitama kuti apha makwacha. Muziyerekeza ndi tikiti imene mukanagula inuyo ndi ndalama zanu.

Ndinayesanso njira ina imene ndinamvapo. Makampani ambiri ali m'magulu atatu a mgwirizano, Star Alliance ya 1997, oneworld ya 1999 ndi SkyTeam ya 2000, ndipo mpando umodzi womwewo mutha kuugula ndi mamailosi a kampani ina ya m'gulu lomwelo. Mapulogalamu ena salipiritsa YQ: MileagePlus ya kampani ya ndege ya United siiika pa matikiti a mamailosi, ndipo Aeroplan ya Air Canada inaichotsa mu 2020. Kwa ine sizinathandize, chifukwa mamailosi anga anali m'pulogalamu imodzi ndipo sasamutsika kupita ku ina. Koma amene mukuyamba kumene kusonkhanitsa, funsani zimenezi musanasankhe koika mamailosi anu, chifukwa mukakwera ndege ya kampani ina m'gululo mumaloledwa kupereka nambala ya pulogalamu imene mukufuna.

Ndinatseka kompyuta n'kukagona nditakhumudwa. M'mawa ndikusamba mpamene ndinakumbukira kuti kampani yotchipa ija imagulitsa kupita paokha ndi kubwerera paokha, ndipo pulogalamu yanga ya mamailosi imalolanso tikiti ya mbali imodzi pa theka la mamailosi. Nanga ndinkawerengeranji zonse pamodzi?

Madzulo ake ndinagawa pepala pawiri. Kupita Lachitatu pa yotchipa: 45, sutikesi 35, basi 20, zonse 100. Pa mamailosi: 10,000 ndi 85. Ndiye kuti mamailosi 10,000 akanandipulumutsira 15 yokha, kutaya chabe. Kubwerera Lamlungu pa yotchipa: 105, 35 ndi 20, zonse 160. Pa mamailosi: 10,000 ndi 75, poti misonkho imasiyana malinga ndi bwalo limene mukunyamukira. Apa phindu linali 85 pa mamailosi omwewo. Mamailosi amakhala ndi mphamvu tsiku limene mtengo wa ndalama wakwera koma chiwerengero cha mamailosi sichinasunthe. Dziwani kuti si mapulogalamu onse amene ali choncho. Kampani ya ndege ya Delta inachotsa tebulo la mitengo ya mamailosi mu 2015, ndipo ena ambiri atsatira, moti mtengo wa ndalama ukakwera mamailosi ofunika amakweranso. Pulogalamu yanga inali idakali ndi mipando yochepa pa mtengo wokhazikika, ndipo Lamlungu limenelo inatsala iwiri.

Ndinayamba ndi kugula tikiti ya mamailosiyo, chifukwa mipando yake ndi imene imatha msanga. Ndinaonetsetsa kuti sutikesi ilimo, ndinawerenga ndalama yobwezera tikiti ngati nditasintha maganizo, n'kulipira 75. Kenako ndinabwerera ku yotchipa. Dzina ndinalilemba chilembo ndi chilembo monga lilili mu pasipoti, chifukwa kusintha dzina pambuyo pake kumatha kudula kuposa tikitiyo. Pa tsamba lolipirira panali msampha womaliza: webusaiti inadzisankhira yokha kuti indisinthire mtengo kupita ku ndalama ya khadi langa, pa mlingo wawo. Ndinakana, n'kulipira mu ndalama imene tikitiyo inalembedwa kuti banki yanga isinthe yokha, ndipo zinatsikako pang'ono. Zonse pamodzi ulendo unandidya 175 ndi mamailosi 10,000.

Chenjezo limodzi pa kusakaniza makampani. Kwa ine zinatheka chifukwa maulendo awiriwa anatalikirana masiku anayi. Mukagula matikiti awiri osiyana kuti mutsike ndege ina n'kukwera ina tsiku lomwelo, yoyamba ikachedwa yachiwiri sikudikirani, ndipo palibe amene ali ndi udindo wokupatsani mpando wina.

Mamailosi 14,000 otsalawo sindikufuna kuwasunga nthawi yaitali. Poyamba ndinkawaona ngati ndalama ya kubanki, koma ndalama imeneyi mwini wake ndi kampani, ndipo ikhoza kuichepetsa mphamvu tsiku lililonse pongokweza chiwerengero chofunika pa tikiti. Pulogalamu ya AAdvantage ya American Airlines itayamba mu 1981, cholinga chinali kugwira okwera pafupipafupi kuti asapite kwina. Lero mapulogalamuwa ndi bizinesi paokha, amagulitsa mamailosi ku mabanki a makhadi a ngongole. Mu 2020, ndege zitaima chifukwa cha mliri, United inakongola madola 6.8 biliyoni ndipo Delta 9 biliyoni, chikole chake mapulogalamu a mamailosiwo. Komanso makampani ambiri tsopano amapereka mamailosi potengera ndalama zimene mwalipira, osati mtunda umene mwauluka, moti wogula matikiti otsika ngati ine amakolola zochepa kwambiri. Kulipira 30 yoonjezera pa tikiti kuti ndipeze mamailosi a mtengo wa 3 kapena 4 ndinasiya.

Kutatsala tsiku limodzi ndinachita check-in (kulembetsa kuti ndikwera ndegeyo) pa foni n'kujambula chiphaso chokwerera, kuopa kuti intaneti ingandikanike pa bwalo, poti makampani ena otchipa amalipiritsa mukachitira pa kauntala. Sutikesi ndinaiyeza kunyumba pa sikelo yoyezera munthu, kukwera nayo kenako kukwera ndekha. Inali makilo 21 ndi pang'ono. Nsapato ziwiri ndi buku limodzi zinatsala pa bedi, jekete ndinavala ngakhale kunkatentha.

Pa geti, bambo wina patsogolo panga anauzidwa kuti alowetse kasutikesi kake m'kabokosi kachitsulo koyezera. Anakankha, anatembenuza, anakankhanso ndi bondo, mateyala anakana. Anatulutsa khadi n'kulipira, ndipo ndalama imene ndinamva ikutchulidwa inaposa 45 wa mpando wanga. Ine anandipatsa wapakati mzere wachiwiri kuchokera kumbuyo, pafupi ndi chimbudzi. Lamlungu pobwerera ndinakhala pa windo, ndipo tili m'mwamba ndinatsegula foni n'kulemba pa kalendala tsiku limene mamailosi 14,000 aja adzathe ntchito, ndi chikumbutso miyezi itatu lisanafike.