Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Njinga Pakati pa Mipikisano

M'gawo lapitali tinalekezera pamene ndinayamba kukonza njinga zamoto za motocross (mpikisano wa m'bwalo la dothi) ku Donnybrook, bwalo la mipikisano la kufupi ndi kwathu ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Lero tikambe za ntchito imene owonerera saiona: kusamalira njinga ndi kuinyamula pakati pa mipikisano.

Njinga ikatuluka m'bwalo imatsukidwa tsiku lomwelo, chifukwa katondo wa kuno akauma amagwira ngati simenti. Musanathire madzi, tsekani kukamwa kwa ekizozi, chotsani fyuluta ya mpweya n'kuvundikira bowo lake. Paipi yamphamvu isalunjike pa ma bearing a mawilo, imakankha girisi n'kulowetsa mchenga.

Fyulutayo ndi siponji chabe, koma injini zambiri zimafera pamenepo. Itsukeni, iume gwa, kenaka muinyike m'oyilo wake womata uja. Pofinya musaipotokole ngati chovala, imang'ambika m'misoko. M'mphepete mwake pakani girisi pang'ono kuti fumbi lisazembere m'mbali. M'fumbi la Okutobala fyuluta imodzi sikwanira tsiku lonse, ndipo fumbi likadutsa limadya pisitoni ndi maring'i mwakachetechete.

Ngati buku la two-stroke yanu (injini imene oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo) likuti 40:1, ndiye kuti oyilo wa 125 ml pa malita 5 a petulo. Yezani ndi kapu yolembedwa, zoyeza ndi maso zisiyeni. Masipoko agogodeni ndi sipanala: olira ngwee ali bwino, ogonthera amasuka. Matayala ambiri timaapopa pakati pa 12 ndi 14 psi.

Tsono ulendo, njinga zitakwezedwa kumbuyo kwa galimoto ya pikapu. Kupita ku Bulawayo ndi makilomita pafupifupi 440. Tayala lakutsogolo ligunde khoma la kumbuyo kwa kabini, zingwe ziwiri zichoke pa handulo kutsikira m'makona a galimoto, chachitatu chigwire tayala lakumbuyo. Pakati pa tayala lakutsogolo ndi madigadi ikani kachitsulo kapena thabwa lochirikiza. Popanda ilo, galimoto ikagwa m'dzenje mafoloko (mapaipi awiri a masipuling'i ogwira tayala lakutsogolo) amabonyera pansi, chingwe chimalendewera, ngowe n'kusomphoka, njinga khuu! pa inzake. Kulimbitsa mopyola nakonso kumavutitsa ma seal (timalabala totsekera oyilo) a mafoloko. Tsekani kampopi ka petulo, apo ayi kabureta imasefukira ndi kugwedezeka.

Imani ku Norton, tauni ya pamsewuwu kufupi ndi Harare, muyesenso zingwe, chifukwa zimamasuka msangamsanga mukangonyamuka. Mukafika, kwezani njinga pa sitandi, tayala lakutsogolo lili m'malere, mumasule tiskuruu ta pamwamba pa mafoloko kuti mpweya wodzikundikira utuluke. Mudzamva kafsii.

Gawo likubwerali ndi la majeti (timabowo todutsa petulo) a kabureta ndi mpweya wopepuka wa kuno kumtunda.