Bambo, sindisayinira wiring imene sindinaione

Lachiwiri lapitali kunabwera bambo wina kunyumba kuno ku Area 25, m'mamawa ndisanamwe n'komwe tiyi, atanyamula envulopu ya khaki. Nyumba yawo ili cha ku Area 49, yatha, malata akhoma, pulasitala apaka, wiring anapanga mnyamata wina wa komweko, chatsala n'kulembetsa magetsi basi. Ndiye akuti, "Amisiri, ndamva kuti inu muli ndi mapepala, tangondisayinirani apa, kangachepe ndikupatsani." Ine ndinati bambo, tiyeni kaye tikaione nyumbayo, ndikayeze, ndikapeza kuti zili bwino ndisayina popanda vuto. Iwo ayi, akuti mnyamatayo ndi katswiri wapanga nyumba zambirimbiri, tisatayitsane nthawi. Tinasiyana choncho, anachoka nkhope itagwa, ndipo ndikudziwa kuti dzuwa lisanalowe anali atapeza wina wowasayinira. Nkhaniyi yandikhala pamtima sabata yonse.

Anthu ambiri sadziwa kuti pepala lija limachoka kuti. Ntchito yoika magetsi m'nyumba kuno ku Malawi amaiyang'anira ndi a MERA, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la 2004 loyendetsa za mphamvu, lomwe lija mumalimva pa wailesi akamalengeza mitengo ya mafuta. Iwowa ndi amene amapereka chilolezo kwa munthu woika magetsi, ndipo sangopereka chifukwa choti umatha kulumikiza babu ayi, amafuna aone sukulu yako ndi ntchito zimene wagwirapo, komanso zilolezozo zili m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito, wa nyumba zokhala anthu si yemweyo wa ku fakitale za ku Kanengo. A ESCOM nawo asanakupatseni mita amafuna umboni woti wiring yapangidwa ndi munthu wovomerezeka. Ndiye ndikasayina ine ndiye kuti ndikunena kuti nyumba iyi ndaiyeza, earth ilipo, mwana akagwira fuliji sagwidwa shoko. Dzina lija ndi langa, nyumba ikapsa adzafunsa ine, mnyamata uja foni adzakhala atazimitsa.

Tsono pepala la MERA si lokhalo. Ukafuna kugwira ntchito ngati kampani pali kulembetsa dzina la bizinesi, pali TPIN, nambala ya msonkho ija, ku MRA, pali laisensi ya ku khonsolo, ndipo ukamalota ntchito zokulirapo za pa saiti uyenera kulembetsanso ku bungwe la makontirakitala lija ambiri tinalizolowera ndi dzina loti NCIC. Zambiri mwa izi ndi zoti umakonzanso nthawi ikakwana, ntchito ipezeke isapezeke. Onjezanipo zida. Kamita koyezera volteji aliyense ali nako, koma chipangizo choyezera insulation, kuona ngati chikuto cha waya sichikudontha magetsi, chija timangoti megger, ndi choyezera earth, zimenezo n'zodula ndipo anyamata ambiri sanazigwirepo chichokereni ku koleji. Transipoti, thandizi woti ndimulipire tsiku lomwelo, makwerero, ma drill bit othera m'makoma a njerwa zootcha. Zonsezi zimalowa mu koteshoni, ndiye kasitomala akaona koteshoni yanga n'kuyerekeza ndi ya mnyamata wongoyenda ndi pulayazi ndi sikuludiraiva m'thumba amaona ngati ndikumubera.

Ndipo za mitengo ya katundu ndiye musanene. Waya, ma breaker, DB (bokosi lokhalamo ma breaker lija), ma socket, pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa ife timamva tsiku lomwelo. Mu May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo ine nthawi imeneyo ndinali ndi koteshoni imene tinagwirizana ndi mayi wina mwezi umodzi m'mbuyomo, ndalama anali asanapereke, tsiku lokagula katundu ndinayenda mashopu a mu Malangalanga umo kukwera n'kutsika koma ndalama ija sinakwane olo waya ndi DB yokha. Kuyambira pamenepo koteshoni yanga ndimalembapo masiku ake, akadutsa tiwerengenso, komanso ndimalekanitsa za katundu ndi za leba, amene akufuna akagule yekha bola tipite limodzi kapena andionetse asanalipire.

Chifukwa chake ndimaumirira kuona katundu n'choti pamsika pano pali waya wabodza wambiri. Kunja ukuoneka ngati kopa weniweni, koma ukaupala ndi mpeni mkati mukutuluka zoyera, ndi aluminiyamu wongopakidwa pamwamba. Wina pa chikuto alemba 2.5, nambala yonena kukhuthala kwa waya, koma ukaugwira wekha umamva kuti uyu ndi wowonda. Lamulo la ntchito yathu ndi losavuta, magetsi ounikira 1.5, ma socket 2.5, kuka imafuna waya wake wokhuthala wa 6 ndi breaker yakeyake, giza chimodzimodzi mzere wake. Koma mukwere mu siling'i ya nyumba zambiri za lendi kuno muone. Waya wa 1.5 wayenda nyumba yonse, ma socket ndi mababu pa mzere umodzi, ma joyini omanga ndi pepala la pulasitiki atagona pa phaso louma, mapaipi a conduit palibe. Earth rod ina ndinaipeza ili kachitsulo kafupi ngati chikhatho changa, angokakhomera kuseri kwa nyumba kuti kazioneka. Tsiku loyamba zonse zimayaka bwinobwino, landilodi n'kusangalala kuti wapulumutsa ndalama. Kenako walowa wa lendi ndi hotipuleti, ketulo, ayironi, mwina ndi kamakina kometera pakhonde, waya uja n'kumatentha pang'onopang'ono mu siling'i momwe palibe akuona, usiku anthu ali m'tulo.

Musandimve ngati ndikunyoza anyamatawa. Ambiri ndi ophunzira bwino, ena anachita kumaliza ku Lilongwe Technical, ena ku Namitete, ena ku Salima, ali ndi trade test yawo, manja awo ndi abwino kuposa a madala ena okhala ndi mapepala. Inenso ndinayamba choncho, kunyamula makwerero a bwana wina zaka zingapo ndisanapeze pepala langa. Vuto n'loti akatuluka ku koleji ntchito kulibe, ndalama yoyendetsera mapepala alibe, ndiye amatenga ganyu iliyonse pa mtengo uliwonse, ndipo mwini nyumba akati ndalama ya earth rod palibe, mnyamata sangakane chifukwa kunyumba kukufunika ufa. Amene amandipweteka mtima ndi ife eni mapepala tikamasayina tili pa mpando, osapita n'komwe pa saiti. Pamenepo mnyamata saphunzira kanthu, mwini nyumba amanyamula pepala lopanda tanthauzo, ndipo ife tomwe tikupha mtengo wa ntchito yathu.

Ntchito yokha ilipo, asakunamizeni. Lilongwe ikukula mbali zonse, ku 25 kuno, ku 49, ku 36, njira ya ku Airwing, kulikonse anthu akumanga. Komanso chichokereni nthawi ija namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022 n'kuchotsa pafupifupi 130 megawati, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri pa tsiku, anthu anatsegula maso pa za sola ndi ma invata, moti pano pafupifupi theka la mafoni amene ndimalandira ndi a zimenezo. Koma apanso pali ngozi ina, munthu kugula jenereta n'kuilumikiza pa socket ndi waya wa mapulagi awiri, popanda changeover switch, kachipangizo kolekanitsa jenereta ndi laini ya ESCOM. Magetsi aja amabwerera mu laini, wina amene wakwera pa polo akudziwa kuti magetsi azimitsidwa akhoza kufa chifukwa cha jenereta yanu. Changeover ndi kanthu kochepa poyerekeza ndi mtengo wa jenereta yomweyo, ine ndikapeza zoterozo sindichoka pakhomo ndisanalongosole.

Chimene ndimachita ine pano n'chakuti mnyamata akapanga wiring n'kubwera yekha kudzandiuza kuti madala ndithandizeni, ndimapita naye. Timatsegula DB limodzi, timakwera mu siling'i, timayeza mzere uliwonse, pamene palakwika akonza yekha ine ndikuyang'ana, kenako ndisayina, ndipo ndimalipiritsa za kuyezako basi. Awiri mwa anyamata amene ndayenda nawo choncho pano ali ndi mapepala awoawo ndipo nthawi zina amandipatsako ntchito ikawachulukira.

Bambo a ku 49 aja ndinawatumizira uthenga pa WhatsApp madzulo ake, kuti olo mwapeza wokusayinirani, musanalowetse banja m'nyumbamo mundiitane ndidzayeze earth ndi mzere wa kuka, transipoti yokha mundipatse. Uthengawo anauwerenga, mpaka lero sanayankhe, koma Loweruka ndili ndi ntchito ya giza cha ku Gulliver ndiye ndidzera konko ndikagogode.